Kwa mayi amene amuna awo auzidwa kuti achepetse thupi

Lachiwiri lapitali ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Area 25 ku Lilongwe. Amuna awo, a zaka 52, awapeza ndi vuto la mtima wogunda mosalongosoka, limene madokotala amalitcha atrial fibrillation, ndipo dokotala wawauza kuti achepetse thupi. Mayiwa akufuna kudziwa ngati kunenepa kumakhudzanadi ndi kagundidwe ka mtima, kapena dokotalayo anangoona chimimba n'kupezerapo ponamizira. Ndiye kumapeto kwenikweni, atatsanzika kale, anawonjezera kamzere aka: "Nanga akaonda, apongozi anga adzati ndikuwadyetsa chiyani?"

Mayi, funso loyamba lija yankho lake ndi inde, ndipo ndifotokoza. Koma lachiwiri lija landigunda pachilonda, ndiye mundipirire, ndiyamba ndi zanga.

Munali mu Ogasiti 2017. Ndinali ndi zaka 47, sikelo inkati makilogalamu 108, pamene msinkhu wanga ndi mamita 1.74 basi. Tinali ndi chinkhoswe cha mwana wa mlongo wanga, ndipo ine monga malume ndinali pakati pa zonse, kulandira tambala, kufupa mpaka m'thumba munatsala makiyi okha. Mwambo utatha tinakhala pansi amuna okhaokha, kanyenya pambali, mabotolo akungobwera osawerenga. Ndinagona cha m'ma 12. Nthawi ili m'ma 3 koloko usiku ndinadzidzimuka. M'chifuwa munali ngati muli chambo chimene angochivuula kumene m'madzi, chikuphiriphitha m'bwato. Kupweteka kunalibe. Kugunda kawiri mofulumira, zii, kenako katatu, zii, kenako kamodzi kamphamvu kofika mpaka kukhosi. Mayi a kunyumba anatsamiritsa khutu pachifuwa panga kwa kanthawi, n'kunena kuti: "Bambo, mtima wanuwu sukuyenda, ukupunthwa."

Ine ndinati ndi mowa. Mlamu wanga kutacha anati ndi anthu a kuchimuna, akuti panali agogo ena amene ankandiyang'anitsitsa nthawi yofupa. Pofika masana Lamulungu zinali zitasiya zokha. Lolemba ndinapitabe pa kachipatala kena kolipira. Anandiyeza BP, anati yakwera pang'ono, anandipatsa mapiritsi a ululu ngakhale za ululu sindinadandaule, n'kundiuza kuti ndichepetse maganizo. ECG, kuyeza kagundidwe ka mtima ndi mawaya omata pachifuwa kuja, sanaitchule n'komwe. Zinabweranso mu Novembala, kenako mu Januwale, ndipo ulendo wachitatuwu ndinafika pa chipatala china zidakali mkati. Anandimata mawaya pachifuwa, pepala linatuluka, dokotala anangoliyang'ana kamodzi n'kutchula dzina lomwelo limene amuna anu apatsidwa. Miyezi isanu ndinkayenda nacho chinthu chimenechi osadziwa dzina lake. Inu mayi muli ndi mwayi kale, chanu chagwidwa papepala.

Dokotala ameneyo anandijambulira mtima kuseri kwa envelopu, ndipo envelopuyo ndidakali nayo. Mtima uli ndi zipinda zinayi, ziwiri zam'mwamba zolandira magazi, ziwiri zam'munsi zopopa. M'chipinda cham'mwamba chakumanja muli kamalo kakang'ono kamene kamatulutsa kamphamvu ka magetsi, ka 60 mpaka 100 pa mphindi munthu akakhala phee, ndipo mtima wonse umatsatira monga ovina amatsatira ng'oma imodzi. Pa atrial fibrillation ng'oma zimachuluka, aliyense akuimba yake. Timagetsi tina timayamba kuthetheka patokha, makamaka pamene mitsempha yochokera m'mapapo imalowera m'chipinda cham'mwamba chakumanzere. Amene anasonyeza zimenezi ndi dokotala wa ku Bordeaux ku France, Michel Haïssaguerre, mu 1998. Zipinda zam'mwamba zija zimasiya kufinya, zimangonjenjemera kopitirira ka 300 pa mphindi, ndipo zam'munsi zimagunda mwa apa ndi apo, nthawi zambiri mothamanga. Kuphiriphitha kumene ndinkamva kuja n'kumeneku. Koma choopsa sindicho kuphiriphithako. Magazi amene sakukankhidwa bwino amadikha pakangodya kena ka chipinda chakumanzere chija, amaundana, ndipo kachibulumwa kakachoka pamenepo kamatha kukatseka mtsempha wa mu ubongo. Munthu amene ali ndi vutoli chiopsezo chake cha sitiroko chimakwera pafupifupi kasanu.

Nanga chimimba chikulowa pati? Ine ndinafunsa chimodzimodzi, mwinanso mwaukali kuposa inu, chifukwa ndinali nditatopa ndi madokotala amene ukapita ndi chala chotupa amayamba ndi kukuuza za thupi lako. Koma apa sikunali kunamizira ayi. Thupi lalikulu limafuna magazi ambiri, ndipo magazi onsewo amadutsa m'zipinda zomwezija, tsiku ndi tsiku, chaka ndi chaka. Chipinda cham'mwamba chakumanzere khoma lake n'lopyapyala, ndiye chimafutukuka ngati chubu cha njinga chopopedwa mopitirira. Mnofu ukatanuka chotero umachita zipsera, ndipo magetsi akafika pachipsera amakhota, amayamba kuzungulira pamalo amodzi m'malo mopita kumene akufunika. Palinso mafuta amene amamera pamtima penipeni. Aliyense amene anasendapo mbuzi yonenepa anawaona, oyera aja okuta mtima. Mafuta amenewa amamatirira ku mnofu popanda kachikopa kolekanitsa, amatulutsa timadzi totupitsa, ndipo amalowerera pakati pa minofu n'kusokoneza njira za magetsi. Pamwamba pa izi onjezerani BP ndi shuga, zimene zimayenda limodzi ndi kunenepa ngati mtondo ndi munsi, ndipo chilichonse mwa ziwirizi pachokha chimaputa atrial fibrillation.

Ku Massachusetts ku America kuli tauni yotchedwa Framingham, kumene ofufuza akhala akutsatira mitima ya anthu a m'tauniyo kuyambira 1948, makolo, ana awo, mpaka zidzukulu. Mu 2004 Thomas Wang ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atatsatira anthu 5,282 kwa zaka pafupifupi 14. Anagwiritsa ntchito muyeso wa BMI, umene umapezeka pogawa makilogalamu ako ndi msinkhu wako m'mamita, kenako n'kugawanso ndi msinkhu womwewo. Kuyambira 25 ndiye kuti thupi lapitirira, kuyambira 30 ndi kunenepa kwambiri. Wanga nthawi ija unali pafupifupi 36. Iwo anapeza kuti BMI ikakwera ndi 1, chiopsezo cha atrial fibrillation chimakwera ndi 4 peresenti, ndipo onenepa kwambiri chiopsezo chawo chinali chokwera ndi pafupifupi 50 peresenti. Kunena kwina, pamene a thupi labwino akudwala awiri, onenepa kwambiri ankadwala atatu. Koma chimene chinanditsekera pakamwa ine ndi ichi: atawerengera kukula kwa chipinda cham'mwamba chakumanzere chija, kusiyanako kunazimiririka. Ndiye kuti msewu wochoka pachimimba kukafika pamtima wopunthwa umadutsira pachipinda chofutukukacho, monga momwe envelopu ija inkanenera.

Ndipo pali mkonono. Mayi, sindikukudziwani, koma ndikhoza kubetcha kuti amuna anu amaliza mkonono. Ine wanga unali wotchuka. Pamaliro, amuna tikagona panja pozungulira moto, anyamata ankati "a malume ayatsa jenereta," ndipo ndinkaseka nawo. Mayi a kunyumba ankandigwedeza usiku, osati chifukwa cha phokoso lokha, koma akuti nthawi zina ndinkangoti zii, osapuma, mpaka iwo kuwerenga kufika 20, kenako n'kudzidzimuka ngati munthu wotsamwa. Zaka zonsezo tinkaziyesa nthabwala za m'banja. Amenewotu ndi matenda, dzina lake sleep apnoea. Mafuta a m'khosi amatseka njira ya mpweya munthu akagona, chifuwa chimakoka mwamphamvu pakhosi lotsekeka, mtima umakokeka nawo, mpweya wabwino m'magazi umatsika, thupi limachita mantha n'kukweza BP, ndipo zimenezi zikhoza kuchitika kambirimbiri usiku umodzi. M'mawa umadzuka mutu ukuwawa, masana ukusinza pamsonkhano, anthu n'kumati abwana atopa ndi ntchito.

Tsopano za apongozi.

Ife tinasandutsa kunenepa kukhala moni. "Mwanenepatu achimwene, zikuyenda eti?" Ndipo iwe umamwetulira, umasisita mimba. Ine ndinanenepa poyera, anthu akuombera m'manja. Ndili mphunzitsi wachinyamata ndinkayenda pansi makilomita angapo tsiku lililonse, thupi lili ngati bango. Nditalowa ntchito ya muofesi kunabwera maworkshop a kunyanja: tiyi wa 10 koloko ndi masamusa, nkhomaliro ya mpunga ndi chips ndi nsima mbale imodzi, fanta pambali, tiyi wina wa 3 koloko, madzulo alawansi ikathera ku bala. Nditagula galimoto ngakhale kokagula buledi ndinkapita nayo. Telala wanga ankangowonjezera nsalu m'chiuno, osanena kanthu, iyenso amadya pomwepo. Ndipo palibe ngakhale mmodzi, kutchalitchi, kuntchito, kumudzi, amene anandiuzapo kuti bambo, mukupuma wefuwefu pokwera masitepe 10 okha. Onse ankati Mulungu wakudalitsani.

Koma nditataya makilogalamu 6 oyambirira, anthu anapeza pakamwa. Amayi ena a kutchalitchi anatengera mayi a kunyumba pambali kukawafunsa ngati zonse zili bwino kunyumba. Mnzanga wina wa kuntchito anandigwira paphewa n'kundinong'oneza kuti masiku ano mankhwala alipo, ndisachite manyazi. Amayi anga ondibereka atandiona pa Isitala analowa m'nyumba kukalira, kenako anaitana mpongozi wawo n'kumufunsa funso lomwelo limene inu mukuliopa. Mkazi amene anandipulumutsa pondimvetsera pachifuwa usiku uja ndi amene anaimbidwa mlandu wondimana chakudya. Zimenezi zinandipsetsa mtima kuposa matendawo, ndipo mpaka lero ndikazikumbukira ndimazimva.

Sindikuwanyoza amayi anga. Iwo anaika m'manda ana awiri a mchemwali wawo m'zaka za m'ma 1990, onse atatha ngati ndodo, nthawi imene anthu ankangoti kaliwondewonde. Ma ARV aulere anayamba mu 2004, ndipo m'badwo wonse umene unaona zaka za m'mbuyomo unaphunzira kuti munthu akayamba kuonda, yambani kusonkha za bokosi. Mantha amenewo ali ndi mizu. Koma nthawi ija inapita, ndipo maso athu anatsalira kumeneko. Lero munthu amene akumwa ma ARV mokhulupirika amakhala wathanzi, ndipo mankhwala okhala ndi dolutegravir, amene ambiri anasinthidwira kuyambira 2019, ena amanenepa nawo kumene. Ndiye kuyeza munthu ndi maso kuja sikukugwiranso ntchito mbali zonse ziwiri. Chimene chatsala ndi miseche basi. Ndinena mosabisa: mwambo woyamikira chimimba ukupha amuna a zaka za m'ma 50 mwakachetechete, ndipo akagwa timati BP inangowakwera mwadzidzidzi, kapena timasaka agogo amene anawayang'anitsitsa pachinkhoswe.

Ndipo si amuna okha. Bungwe lofufuza la MEIRU linayeza anthu masauzande ambiri ku Karonga ndi kwanu komweko ku Area 25, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2018. Mwa amuna 100 alionse a m'tauni, 18 thupi linali litapitirira muyeso. Mwa amayi a m'tauni, 44. Kumudzi amuna anali 9, amayi 27. Sindikunena kanthu za inu mayi, sindinakuoneni. Ndikungoti poto amene muphikire amuna anu ndi yemweyo mudyemo inu, ndipo zimenezo n'zabwino.

Apa ndipatuke pang'ono, chifukwa ndikudziwa chimene chichitike mukangouza anzanu a pa WhatsApp. Wina akutumizirani tiyi wochepetsa thupi, wa m'paketi yokongola, mtengo wake wokwana thumba la chimanga. Ine ndinamwa. Ndinakhala sabata yathunthu ndikuthamangira kuchimbudzi, sikelo inatsika ndi makilogalamu 2, sabata yotsatira anabwerera onse. Anali madzi. Choipa kwambiri n'chakuti kutsegula m'mimba kotero kumataya mchere wa potassium, umene mtima umaufuna kuti magetsi ake ayende bwino, ndipo zina mwa zinthu zogulitsidwa motere zimakhala ndi zothamangitsa mtima zimene sizinalembedwe papaketi. Munthu wa mtima wopunthwa kale asayandikire n'komwe.

Zimene anapeza ku Adelaide

Funso lenileni n'lakuti, akachepetsa thupi, mtima ubwerera m'malo? Ku Adelaide ku Australia, gulu la Prashanthan Sanders ndi Rajeev Pathak linatsatira odwala 355 onenepa amene anali kale ndi atrial fibrillation, kwa zaka pafupifupi zisanu, ndipo linafalitsa zotsatira mu 2015. Kafukufukuyo amatchedwa LEGACY. Mwa amene anataya gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwawo kapena kuposerapo, pafupifupi 45 pa 100 alionse vutolo linasiya popanda mankhwala owongola kagundidwe ndiponso popanda opaleshoni yowotcha timagetsi tosokoneza tija. Mwa amene sanataye n'komwe kapena anataya pang'ono kwambiri, anali 13 okha pa 100. Ndipo amene thupi linkangokwera n'kutsika, kupitirira 5 peresenti, chiopsezo choti vutolo libwerere chinali chowirikiza kawiri.

Mfundo yomalizayi ndinaitsimikiza ndi thupi langa. Ndinatsika kuchoka pa 108 kufika 95 m'miyezi 14, ndipo chambo chija chinagona kwa chaka ndi theka. Mu 2020, nthawi ya Covid, tikugwirira ntchito kunyumba pafupi ndi filiji, ndinakwera kufika 101, ndipo chinadzuka kawiri mwezi umodzi. Panopa ndili pa 94, ndipo chimabwera mwina kamodzi pachaka.

Ndisakunamizeni kuti sikelo ndi mankhwala a zonse. Anthu a ku Adelaide amene anataya thupi anawathandizanso pa BP, shuga, mkonono, fodya ndi mowa, ndiye zonsezo zinakokera limodzi. Kafukufuku wina wamkulu wa ku America wotchedwa Look AHEAD, wa anthu a shuga pafupifupi 5,000, sanapeze kuti pulogalamu yochepetsa thupi inachepetsa chiwerengero cha oyamba kudwala atrial fibrillation. Ndipo mowa uli ndi mlandu wakewake, ndinalondola ndithu usiku wa chinkhoswe uja. Madokotala a ku America anapatsa dzina loti holiday heart ku mtima wosokonekera pambuyo pa phwando kalekale mu 1978. Ku Melbourne ku Australia anatenga odwala 140 amene ankamwa pafupipafupi, theka n'kuwauza kuti asiye. M'miyezi 6, vutolo linabwerera kwa 53 pa 100 mwa osiya, ndi 73 pa 100 mwa opitiriza. Zimenezi zinatuluka mu 2020. Ine kusiya mtanda wachitatu wa nsima kunali kophweka kuposa kusiya botolo la Lachisanu, ndipo anzanga ena anandisiya limodzi ndi botololo.

Chinanso chimene mabuku a azungu sachikweza kwambiri koma kuno n'chachikulu: woonda amadwalanso. Pamzere wa kuchipatala ndinkakumana ndi mayi wina wa zaka za m'ma 30, wochepa thupi kwambiri, vuto lomweli. Iye chinayambitsa ndi zilonda zapakhosi za paubwana zimene sizinachizidwe ndi penicillin, n'kudzawononga valavu, kachitseko ka m'kati mwa mtima, patapita zaka. Matenda amenewa, rheumatic heart disease, akadali ofala kuno. Chithokomiro chogwira ntchito mopitirira nachonso chimathamangitsa mtima chimodzimodzi. Choncho ngakhale dokotala wanu walondola za thupi, asaimire pomwepo.

Ndiye pobwerera kuchipatala, mupite nawo inuyo, chifukwa amuna tikafunsidwa timangoti zili bwino. Pemphani kuti awaunike mtima ndi makina a echo kuti aone mavalavu ndi kukula kwa chipinda chija, awayeze chithokomiro ndi shuga, ndipo muwauze za mkonono. Funsani mwachindunji ngati akufunika mankhwala oletsa magazi kuundana, monga warfarin kapena ena atsopano. Aspirin yekha sakwanira pa vutoli, ndipo akawayambitsa mankhwala amenewa asawasiye chifukwa choti aonda kapena mtima wadekha, pokhapokha dokotala atanena. Cholinga chikhale gawo limodzi mwa 10 la kulemera kwawo, pang'onopang'ono m'chaka chathunthu, n'kukhazikika pomwepo. Tengani chingwe, muyeze msinkhu wawo, muchipinde pakati: chikalephera kuzungulira mimba pamchombo, ntchito idakalipo. Mitanda ichepe, ufa ukhale mgaiwa, mbale idzaze ndi nkhwani, bonongwe, nyemba ndi usipa, zakumwa zotsekemera ndi mowa zichoke, ayende pansi mphindi 30 masiku ambiri a pasabata. Ndipo tsiku limene pakamwa padzapotoke, dzanja lidzafooke kapena mawu adzayambe kusamveka, musadikire kuti kuche, musayambe ndi mapemphero a pafoni, thamangani nawo kuchipatala.

Za apongozi, ndingokuuzani zimene ine ndinachita, chifukwa mlanduwu si wanu kuti muuyankhe, ndi wa mwana wawo. Ndinapita kumudzi ndekha, ndi envelopu ija ndi pepala la ECG. Mapepalawo amayi sanawayang'ane n'komwe. Koma zinangochitika kuti usiku wachiwiri chambo chinadzuka, ndipo ndinawadzutsa, ndinatenga zala zawo ziwiri n'kuziika pamkono panga m'munsi mwa chala chachikulu. Anamvetsera nthawi yaitali. Kenako anaika zala zomwezo pamkono pawo, n'kubwereranso pa wanga. Anangoti, "Iii, mwanawe." M'mawa mwake anatuma mdzukulu kukaimbira mpongozi wawo foni, sanapepese, anangomufunsa ngati ana adzuka bwino, ndipo kwa amayi anga kumeneko ndiye kupepesa. Mpaka lero ndikapita kumudzi amandiikirabe mitanda inayi. Ndimadya iwiri, iwo amayang'ana kumbali, ndipo mwana wa mng'ono wanga amene amakhala pafupi nane pamkeka wayamba kunenepa masaya.